Ndalama njako, koma poitapa ulipire

Mwezi ukamapita kumapeto, munthu safunika kalendala kuti adziwe kuti malipiro alowa. Kungoponya maso pakhomo pa banki paboma lililonse, yankho limapezeka pomwepo: mzere umakhala utayamba kukadali kachisisira, ndipo pofika 10 koloko umakhala utakhota mpaka kuseri kwa nyumbayo, ena atakhala pansi, ena atafunda zitenje kumutu kuthawa dzuwa.

Pamzerepo pamakhala aphunzitsi, apolisi, alangizi a zaumoyo, agogo odzalandira penshoni, ndipo ikakhala nyengo ya misika, alimi a fodya. Onsewa si opemphetsa ayi. Amabwera kudzatenga ndalama zawo zomwe adakhetsera thukuta.

Koma pobwerera kwawo, pafupifupi aliyense amakhala atasiyapo kenakake. Wina wadulidwa potapa, wina wadulidwa pongosunga, wina potumiza, ndipo wina wataya tsiku lonse n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa kaamba koti netiweki palibe.

Madandaulo okhudza ndalama zomwe mabanki amadula, zomwe ambiri amangoti machaji, si achilendo m'dziko muno. Adayamba kalekale cheke chili pachimake, ndipo lero chekecho chikuzimiririka koma madandaulo aja akadalipo. Chasintha n'chipangizo chokha.

Funso lomwe anthu ankafunsa atagwira kapepala m'manja ndi lomwenso akufunsa atagwira khadi kapena foni: kodi munthu alipire zingati kuti apatsidwe ndalama yake yomwe? Nanga akalipira, chisamaliro chomwe walipiriracho chili kuti?

Kapepala kovuta kusandutsa ndalama

Achinyamata ambiri a lero sadagwirepo cheke, choncho ndi bwino kukumbutsana mmene chinkasautsira makolo awo.

Cheke si ndalama. Ndi kalata chabe yomwe mwini akaunti amalembera banki yake, kuilamula kuti ipereke ndalama zakutizakuti kwa munthu wakutiwakuti. Kwa zaka zambiri iyi ndiyo idali njira yomwe makampani, maesiteti, mabungwe ngakhalenso boma ankalipirira anthu. Kalipentala wokhoma madesiki a sukulu, mayi woperekera nyemba kusukulu yogonera komweko, banja lolandira ndalama za malemu, onsewa ankapatsidwa kapepala.

Wolandira kapepalako adali ndi njira ziwiri, ndipo zonse zidali ndi minga.

Chekecho chikakhala chotsegula, munthu ankapita nacho kubanki ya yemwe walembayo n'kukachisintha pakauntala. Apa ndi pomwe padali mkangano waukulu, chifukwa banki inkadulapo yake, makamaka kwa munthu wopanda akaunti kumeneko. Mabanki ankati munthu woteroyo si kasitomala wawo, koma akuwadyera nthawi komanso akuwaika pachiwopsezo, popeza chekecho chikapezeka chachinyengo iwo ndiwo aluze.

Mfundoyi ili ndi pogwira, koma ili ndi bowo. Yemwe adalemba chekeyo ndi kasitomala, ndipo adalipira kale pogula buku la macheke komanso amadulidwa mwezi ndi mwezi. Banki ikapereka ndalama kwa kalipentala uja, ikungotsatira lamulo la kasitomala wake. Kumudulanso kalipentala ndi kudya kawiri pa ntchito imodzi.

Cheke china chimakhala ndi mizere iwiri yodutsa pankhope pake. Choterechi sichisinthidwa pakauntala, chimayenera kulowa muakaunti basi. Wopanda akaunti ankayenera kuyamba watsegula, ndipo chikalowa ankadikira masiku angapo kuti mabanki awiriwo atsimikizirane kuti ndalamayo ilipodi. Wofuna zachangu ankalipira ndalama ina yapadera.

Mwini cheke akakhala kuti alibe ndalama zokwanira, chekecho chinkabwerera, anthu n'kumati chabaunsa. Wolembayo ankalipira chindapusa, koma wogona ndi njala adali wolandira uja. Ndipo cheke chikakhala miyezi isanu ndi umodzi osasinthidwa chinkasanduka chakale, kunali kuyambiranso kugogoda pakhomo pa wolemba.

Panalinso nkhani ya chiphaso. Ntchito yolemba Amalawi onse m'kaundula wa unzika idachitika mu 2017. Izi zisanachitike, munthu wakumudzi wopanda pasipoti, laisensi ya galimoto kapena chitupa chapantchito ankayenda uku ndi uku kufuna kalata yomuikira umboni kuti dzina lili pachekelo ndi lakedi.

Kafukufuku wa FinScope wa mu 2008 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'dziko muno, 19 okha ndiwo ankagwiritsa ntchito banki. Izi zikutanthauza kuti ambiri mwa olandira macheke nthawi imeneyo adali alendo pakauntala, anthu omwe machaji a osakhala makasitomala ankawagwera mwachindunji.

N'chifukwa chake ena ankangopita kwa wamalonda wodziwika pamsika, kumusiyira chekecho n'kulandira ndalama yoperewera. Ankadziwa kuti akudyeredwa, koma paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Chomwe chinkapweteka kwambiri ndi kawerengedwe ka machajiwo. Nthawi zambiri banki siyang'ana kuti ndalama ndi yochuluka bwanji, imangoika mtengo umodzi. Mwachitsanzo, ngati mtengowo uli K2,000, munthu wa cheke cha K20,000 wataya K10 pa K100 iliyonse, pamene wa cheke cha K2 miliyoni wangotaya 10 tambala pa K100 iliyonse. Mtengo ndi umodzi, koma kulemera kwake n'kosiyana. Wosauka ndiye amasenza mbali yolemera.

Pomwe kauntala idafewa

Amalawi ambiri sadzaiwala kuti kauntala yomweyo, yomwe inkafunsa mlimi mafunso khumi pa cheke cha ndalama zochepa, idafewa modabwitsa mu 2013.

Nkhani ya kusolola ndalama za boma ku Capital Hill, yotchuka ndi dzina loti Cashgate, idaphulika mu September chaka chimenecho pomwe yemwe adali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, Paul Mphwiyo, adawomberedwa. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza poyamba kuti K13.6 biliyoni idasowa pakati pa April ndi September, ndipo chiwerengerochi chidakwera kufika pa K24 biliyoni.

Chida chachikulu pa umbavawu chidali cheke. Makampani omwe sadagulitse kanthu kuboma ankalemberedwa macheke a mamiliyoni ankhaninkhani, ndipo ndalamazo zinkatuluka kudzera m'mabanki, zina n'kumapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu.

Si banki yomwe idalemba machekewo, ndipo si wogwira ntchito m'banki aliyense yemwe adali ndi mlandu. Komabe anthu wamba adatolapo phunziro lowawa, loti kukhwimitsa malamulo kumakula ndalama ikachepa ndipo kumachepa ndalama ikakula.

Chaji yasamuka, siidafe

Maiko oyandikana nafe adayamba kutsanzikana nacho cheke. Namibia idasiya mu 2019, ndipo ku South Africa macheke adasiya kugwira ntchito pa 31 December 2020. Kuno kwathu njira zatsopano zidabwera motsatizana: Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2015 makina a National Switch adalumikiza mabanki kotero kuti khadi ya banki ina imatha kutapa pa ATM ya banki ina.

Palibe angatsutse kuti izi zidathandiza. Mwana ali ku Lilongwe amatumiza ndalama ya feteleza kwa mayi ake ku Mitundu kapena ku Jenda m'kamphindi, zomwe kale zinkalira munthu wokwera basi.

Koma chaji ija siidafe. Idangosamuka, ndipo posamukapo idabereka ana.

Taonani ulendo wa malipiro a mphunzitsi wakumudzi yemwe safuna kukaima pamzere. Ndalama ikalowa muakaunti, banki imadulapo ya mwezi. Akaikankhira kufoni, pamakhala chaji. Akapita kwa ejenti pamsika kukaitapa, chaji inanso. Ejentiyo akanena kuti alibe fuloti yokwanira, mphunzitsi amatapa theka pano theka kwina, ndipo kulikonseko amadulidwa. Ndalama ndi imodzi yomweyo, koma yadutsa pazipata zitatu kapena zinayi, chilichonse chili ndi mlonda wake wotambasula dzanja.

Chaji iliyonse payokha imaoneka yaing'ono, n'chifukwa chake ambiri saiwerengera. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Atati munthu atenge sitetimenti ya chaka chonse n'kuwonkhetsa mizere yonse ya machaji, akhoza kudzidzimuka.

Boma nalo lili ndi dzanja m'mbale yomweyi. Mu 2019 lidafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, koma lidabwerera m'mbuyo anthu atakuwa. Mu November 2021 msonkho wa VAT, womwe panthawiyo udali 16.5 peresenti, udayamba kugwira ntchito pa zina mwa ntchito zomwe mabanki amalipiritsa, monga kusindikiza sitetimenti. Padali kukokanakokana pakati pa bungwe lotolera misonkho la MRA ndi bungwe la mabanki la Bankers Association of Malawi pa za yemwe ayenera kusenza msonkhowo, koma pankhani zotere wosenza amadziwika kale.

Kulipira chinthu chomwe sukuchilandira

Anthu ambiri sakana kulipira. Wokwera minibasi amalipira, wogayitsa amalipira. Kusiyana kwake n'kwakuti chigayo chikazima, mwini wake satenga ndalama ya chimanga chomwe sadagaye. Kubanki zimatheka.

Dandaulo lomwe limamveka kwambiri m'misika ndi la makina a ATM omwe amachotsa ndalama muakaunti koma osailavula. Uthenga umafika pafoni kuti mwatapa, koma m'manja mulibe kanthu. Nthawi zina ndalamayo imabwerera yokha, koma nthawi zina kasitomala amauzidwa kuti alembe fomu n'kudikira, ndipo makinawo akakhala a banki ina, mabanki awiriwo amayamba kuponyerana mpira. Kwa munthu wokhala m'tauni izi n'zokwiyitsa chabe. Kwa yemwe wabwera pa matola ndi ndalama yobwereka, poganiza kuti abweza akatapa, ndi tsoka lenileni.

Mkati mwa banki namo muli zake. Mawindo amakhala asanu kapena asanu ndi limodzi, koma otsegula awiri, tsiku lomwe aliyense akudziwa kuti malipiro alowa. Mipando ndi yochepa, chimbudzi cha makasitomala n'chosowa, ndipo mayi wamwana kumsana kapena gogo wa ndodo amadalira chisoni cha mlonda kuti amudutsitse.

Pambali pomwepo pamakhala chitseko china, cha makasitomala a ndalama zambiri, komwe kuli mipando yawofuwofu ndipo kulibe mzere. Palibe cholakwika kusamalira kasitomala wamkulu. Cholakwika n'chakuti chitsekocho chimaonetsa poyera kuti bankiyo ikudziwa kusamalira anthu, ikungosankha woti imusamalire.

Ndiye pali chiyankhulo. Mafomu ali m'Chingerezi. Ndandanda wa machaji, komwe waikidwa, uli m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono. Mapangano a ngongole ali m'Chingerezi choti ngakhale wa MSCE amachita kukanda mutu. Koma ikafika nthawi yoitanira makasitomala atsopano pawailesi, mabanki omwewo amadziwa Chichewa ndi Chitumbuka chomveka bwino, nyimbo ndi nthabwala zomwe.

Mlimi akafunsa pakauntala kuti ndalama yake yachepa bwanji, yankho loti "ndi sisitimu" silimuthandiza kanthu. Ambiri amangochoka mwaulemu, kuopa kuoneka osadziwa zinthu pamaso pa anthu.

N'chifukwa chiyani sizisintha?

Pamsika wa tomato, wogulitsa wamwano amaweruka ndi dengu lodzaza. Mabanki ali pampikisano nawonso, ndiye bwanji mwano ndi machaji siziwathawitsira makasitomala?

Chifukwa choyamba n'chakuti makasitomala ambiri sadabwere mwa kufuna kwawo. Cha m'ma 2011 boma lidalamula kuti onse ogwira ntchito m'boma azilandirira kubanki, pofuna kuthana ndi mayina a anthu ongopeka pamndandanda wa malipiro komanso umbava wa ndalama zonyamula pagalimoto. Cholingacho chidali chabwino. Koma kwa mphunzitsi wa ku Makanjira, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Mangochi, kapena wa ku Nthalire m'boma la Chitipa, lamuloli lidatanthauza ulendo wa mwezi ndi mwezi, ndalama yoyendera yochokera m'thumba mwake, ndi ana otsala okha m'kalasi.

Mlimi wa fodya naye chimodzimodzi. Akagulitsa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, ndalama zake zimadzera kubanki. Sangasankhe kulandirira pamanja.

Kasitomala woteroyo ali ngati mbuzi yapachingwe. Kusamukira kubanki ina n'kotheka papepala, koma kumalira makalata kwa abwana, kudikira kuti dzina lisinthidwe kolipira, ndipo ngati ali ndi ngongole kubanki yakaleyo ndiye nkhani yathera pomwepo. Komanso paboma pomwe pali nthambi ziwiri kapena zitatu zokha, zonse zodula mofanana, munthu athawira kuti?

Chifukwa chachiwiri chagona pa komwe phindu lenileni la mabanki limachokera. Kasitomala wamkulu wa mabanki m'dziko muno si mlimi kapena mphunzitsi, ndi boma. Boma limabwereka ndalama zambiri m'mabanki pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo kwa banki iyi ndi bizinesi yokoma chifukwa siyilira mafuta oyendera alimi kapena antchito ochuluka pakauntala.

Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo miyezi yambiri ya chakacho mitengo ya zinthu inkakwera ndi mlingo woposa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chomwe wosunga ndalama pa akaunti wamba ankalandira sichinkafika ngakhale theka la zimenezi. Kunena kwina, ndalama ya wosauka inkasungunuka ili m'banki, machaji n'kumaidyanso, pamene bankiyo inkaibwereketsa pamtengo wokwera.

Zotsatira zake zimaoneka m'malipoti a pachaka. Mu 2024 National Bank of Malawi yokha idapeza phindu loposa K100 biliyoni itachotsa msonkho, ndipo mabanki enanso akuluakulu adalengeza phindu lokwera kwambiri m'chaka chomwe mabanja ambiri ankavutika kugula thumba la chimanga. Boma lomwe lidaona izi, moti mu 2023 lidaika msonkho woonjezera wa 10 peresenti pa phindu la mabanki loposa K10 biliyoni. Msonkhowo udapita kuthumba la boma. Kasitomala wapamzere sadamvepo kusintha.

Chifukwa chachitatu ndi kutha kwa mabanki omwe adakhazikitsidwa ndi munthu wamba m'maganizo. Akuluakulu akukumbuka buku la kupositi ofesi, lomwe munthu ankasungira ndalama zochepa pafupi ndi kwawo. Ntchito imeneyi idasanduka Malawi Savings Bank pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo boma lidaigulitsa ku FDH mu 2015 pakati pa mkangano waukulu. Chaka chomwecho Indebank idagulidwa ndi National Bank.

Padalinso Opportunity International Bank of Malawi, yomwe idatsegulidwa mu 2003. Iyi idadabwitsa anthu potsegulira akaunti mavenda ndi amayi a geni pogwiritsa ntchito chidindo cha chala m'malo mwa pasipoti, komanso potumiza galimoto zokhala ngati banki m'misika yakumidzi pa tsiku la msika. Idagulidwa ndi First Merchant Bank mu 2017.

Mabanki omwe adagulawo akupitiriza kutumikira anthu, ndipo ena afika m'madera ambiri kudzera mwa maejenti. Koma mabanki akamaphatikizana, zitseko zogogodapo zimachepa, ndipo mpikisano wolimbirana kasitomala wa K10,000 umazirala.

Mbali ya mabanki

Kungakhale kukondera kunena kuti machaji onse ndi dyera. Kuyendetsa nthambi ya banki kutali ndi mizinda n'kodula. Ndalama zimayenda pagalimoto yapadera ndi apolisi operekeza. Magetsi akazima, monga zidakhalira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, nthambi ndi makina a ATM zimayendera jenereta, ndipo mafutawo nthawi zina amasowa. Makina ndi mapulogalamu a kompyuta amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe zidakwera mtengo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso 44 peresenti mu November 2023.

Kugwa kwa kwachaku kudatalikitsanso mzere m'njira yomwe ambiri saiganizira. Ndalama yapepala ya K5,000, yomwe idatuluka mu 2022, idatsala yosakwana madola atatu a ku America pambuyo pa November 2023. Wamalonda wobwera kudzasungitsa ndalama za tsiku limodzi amanyamula chikwama chodzaza, ndipo wapakauntala amayenera kuwerenga mpukutu uliwonse. Makina a ATM nawo amatha msanga chifukwa munthu mmodzi akutenga mapepala ambiri.

Wapakauntala yemwe amaoneka wolusa uja nayenso ndi wantchito chabe. Amawerenga ndalama za eni kuyambira m'mawa, akudziwa kuti ikaperewera abweza yekha. Si iye amaika machaji, ndipo si iye amasankha kuti mawindo otsegula akhale awiri.

Zonsezi n'zoona. Koma mavuto a magetsi, mafuta ndi kugwa kwa kwacha adagwera aliyense, wachigayo ndi wagolosale yemwe, ndipo ambiri mwa iwo phindu lawo lidatsika kapena adatseka kumene. Bizinesi yomwe phindu lake likukwera chaka ndi chaka m'nyengo yotereyi singauze anthu kuti ilibe pochepetsera.

Umboni woti pochepetsera palipo udaoneka mu 2020. Mliri wa Covid-19 utafika, mabanki adatsitsa ndi 40 peresenti machaji a ntchito zapafoni ndi paintaneti, ndipo makampani a foni adachotsa kwa kanthawi chaji yotumizirana ndalama pa netiweki imodzi. Palibe banki kapena kampani yomwe idagwa chifukwa cha zimenezi.

Anzathu adatani?

Kungodutsa malire a Mchinji, nkhani yomweyi idafika pena. Mu September 2018 banki yaikulu ya Zambia idatulutsa lamulo loletsa machaji oposa 20 omwe idati ndi opanda chifukwa. Mwa iwo mudali kulipiritsa munthu potsegula akaunti, poika ndalama pakauntala, podzutsa akaunti yomwe idagona, komanso posintha nambala yachinsinsi ya khadi. Mabanki adadandaula, koma akugwirabe ntchito mpaka lero.

Ku America, dziko lomwe mabanki ena amadulabe munthu wopanda akaunti akabwera kudzasintha cheke, makasitomala adaonetsapo mphamvu zawo mu 2011. Bank of America idalengeza kuti iyamba kudula madola asanu pamwezi kwa ogula zinthu ndi khadi. Anthu adakwiya, ambiri n'kuyamba kutseka maakaunti kusamukira kumabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama ofanana ndi ma Sacco athu. Pasanathe miyezi iwiri, bankiyo idasintha maganizo.

Kusiyana kwake n'kwakuti Mmerika adali ndi kothawira. Kuno, pomwe wolandira malipiro ali womangika, mphamvu yeniyeni ili m'manja mwa woyang'anira mabanki.

Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la mu 2010, gavanala wa Reserve Bank ndiyenso mlembi wamkulu woyang'anira mabungwe onse azachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Ndondomeko yake ndi yakuti munthu ayambe wadandaula kubanki yake, ndipo akapanda kuthandizidwa apite ku Reserve Bank. Palinso bungwe loona za mpikisano pamalonda la Competition and Fair Trading Commission, lomwe lamulo latsopano la mu 2024 lidalipatsa mphamvu zolipitsa kampani yolakwa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pachaka. Nalo bungwe la Consumers Association of Malawi lakhala likuyankhulapo pa za machaji kwa zaka zambiri.

Vuto n'lakuti njira zimenezi zimadziwika kwambiri ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kusiyana ndi ku Ntaja, Nchalo kapena Mponela. Ndipo dandaulo lapakamwa, lonenedwa pamzere kapena m'minibasi pobwerera, silifika paliponse. Lomwe limayenda ndi lolembedwa, lokhala ndi tsiku, kuchuluka kwa ndalama, kalisiti ka pa ATM kapena uthenga wapafoni, komanso kope yodindidwa ndi banki yomwe mwini dandaulo watsala nayo. Kasitomala alinso ndi ufulu wopempha ndandanda wa machaji asanatsegule akaunti, ndi kufunsa tanthauzo la mzere uliwonse pasitetimenti yake.

Ambiri sachita zimenezi. Amangovota ndi mapazi: malipiro akalowa amatapa yonse tsiku lomwelo, yotsala n'kukaika kubanki mkhonde kapena pansi pa matiresi. Banki mkhonde ili ndi ubwino wake, chifukwa phindu limagawidwa kwa eni ake ndipo malamulo amakambidwa m'chiyankhulo chomwe aliyense akumva. Koma msungichuma akathawa ndi bokosi, kapena nyumba ikapsa, palibe wobweza. Ndalama ya kubanki yokha ndiyo ili ndi chitetezo cha bungwe la Deposit Insurance Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2022 kuti lizibwezera osunga ndalama, mpaka pamlingo woikika, banki itagwa. Choncho machaji ndi mwano zikamathamangitsa anthu osauka, zikuwachotsa pamalo pomwe ndalama yawo ikadatetezeka.

Zina mwa zofunika kukonza sizilira ndalama zakunja ngakhale pang'ono. Kumasulira ndandanda wa machaji m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao n'kuupachika pakhomo si nkhani ya madola. Kutsegula mawindo onse sabata ya malipiro si nkhani ya madola. Kuika mpando ndi mzere wapadera wa okalamba ndi amayi oyembekezera chimodzimodzi.

Chovutirapo, koma chomwe chingasinthe khalidwe msanga, ndi kuika mtengo pa kuchedwa kwa banki. Pakalipano kasitomala akachedwa kubweza ngongole, chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, koma banki ikasunga ndalama ya kasitomala molakwika, nthawi zambiri amangolandira "pepani".

Dziko la India, lomwenso lili ndi anthu ambiri akumidzi odalira ATM, lidapeza njira pa vuto lomweli. Malinga ndi lamulo lomwe banki yaikulu yakumeneko idatulutsa mu 2019, makina akachotsa ndalama muakaunti osailavula, banki ili ndi masiku asanu oti ibweze. Ikapitirira apo, imalipira kasitomalayo ma rupee 100 pa tsiku lililonse lomwe yachedwa, ndipo ndalamayo imayenera kulowa yokha muakaunti popanda mwini wake kulemba kalata kapena kukaima pamzere.